Chala Chosankha Zimbale

Pansi pa masitepe a nyumba yosanja, pakati pa wometa tsitsi ndi wosoka nsapato, panali kachipinda kopanda zenera komwe a Makutu ankakonzeramo mawailesi, masipika ndi magalamafoni. Munkanunkha mtovu wosungunula ndi fumbi lopserera. Munthu wamtali ankalowamo chowerama, ndipo akaiwala, sitepe inkamukumbutsa pachipumi. Dzina la Makutu silinabwere chifukwa cha kukula kwa ziwalozo, ngakhale kuti, tisanamizane, zinali zotambasuka ngati za mleme. Linabwera chifukwa bamboyu, kasitomala akangoyatsa wailesi yodwala pakhomo, ankanena chimene chafa mkatimo asanamasule ndi sikuluwu imodzi yomwe.

Anabadwa awiri okha, iwo ndi akulu awo. Akuluwo anagwira vayolini ali mwana, n'kukula nayo mpaka kulowa gulu lalikulu la oyimba, lija la mavayolini ambirimbiri, zitoliro, malipenga ndi ng'oma, lotsogoleredwa ndi munthu mmodzi wogwedeza kandodo. A Makutu nawo anayesako kuyimba, koma mayi awo omwe, munthu wosafuna kukhumudwitsa mwana, anawapempha kuti azithandiza pomvetsera. Choncho anakula atakhala pansi pakona, akumvera mmene mawu a vayolini ankagundira khoma n'kubwerera. Sanakwatire. Ankati nyumba ya anthu awiri imasokosa, koma anathera m'nyumba ya anthu anayi: iwo, akulu awo, alamu awo ndi mwana wamkazi wa akuluwo, amene atakula anapita kutauni ina kukagwira utelala.

Ntchito imene inawatchukitsa sinali ya mtovu ayi. M'tauni iliyonse mumakhala kagulu ka anthu okonda simfoni, nyimbo zija zazitali zopanda mawu a munthu, zokhala m'zigawozigawo, zimene ena amati n'zogonetsa. Anthu amenewa ndi ovuta, ndipo vuto lawo ndi loti simfoni imodzi yomweyo inajambulidwa ndi magulu ambiri pa zimbale zosiyana. Pa chimbale china oyimba anayimba ndi moto, koma zojambulira zinali zachabechabe, moti zimamveka ngati gulu lonselo alitsekera m'chitini. China mawu ake ndi oyera ngati madzi a pampopi, koma oyimbawo akungokoka ngati anthu oyembekeza kuweruka. Wogula amafuna zabwino zonse ziwiri pa chimbale chimodzi, ndipo makutu ake sawakhulupirira. Ndiye ankabwereka kusitolo zimbale ziwiri kapena zitatu za nyimbo imodzi, n'kudzazisiya pansi pa masitepe paja kuti a Makutu anene chosunga ndi zobweza.

Mlandu wotere sunkaweruzidwa pansi pa masitepe, pomwe nsapato za anthu zinkagunda pamutu tsiku lonse. Zimbalezo ankapita nazo kunyumba, kuchipinda chakumbuyo komwe kunali galamafoni yawo ndi masipika awiri otalika kufika m'chiuno. Anali ndi kachitidwe kawo kosasintha. Ankapukuta chimbale ndi kansalu, n'kutsitsa singano chokwezera mawu chili pansi penipeni, kuopa kuti kugunda kwa singanoyo kungawononge sipika. Kenaka ankakweza pang'onopang'ono atatsinzina. Kwenikweni sankamvera nyimbo, ankamvera holo imene nyimboyo inayimbidwiramo. Mavayolini amveke kumanzere, zoyimbira zikuluzikulu zolira pansi zimveke kumanja, ng'oma kumbuyo, ndipo pakati pa chigawo ndi chigawo holo ipume, mpando ulire, wina atembenuze pepala. Chimbale chosalala koma chopanda mpweya wa holo ankachitcha mtembo wosambitsidwa bwino.

Za kayimbidwe ankavomera okha kuti ndi mbuli. Imeneyo inali mbali ya akulu awo, amene ankati akangomva chiyambi, ankadziwa ngati wakandodoyo akuthamangitsa anthu pachabe kapena akuwagoneka. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Ankakangana mpaka tiyi kuzizira, akuluwo akuteteza zimbale zakale zothetheka ngati nkhuni zaziwisi, a Makutu akuteteza zoyera. Koma chimbale chimene onse awiri avomereza, mwini wake sankabweranso kudzadandaula.

Tsiku lina m'mawa akuluwo anawerama kuti amange zingwe za nsapato, ndipo sanaweramukenso. Inali sitiroko. Anabwera kuchokera kuchipatala atanyamulidwa, pakamwa patapotokera mbali imodzi, maso ali gwa kudenga. Akawamwetsa ankameza, akawatembenuza ankatembenuka, basi. Madokotala anati palibe anganene kuti m'mutumo mwatsala zingati. Anawagoneka kuchipinda chakumbuyo chija poti chinali kutali ndi phokoso la msewu, ndipo galamafoni inatsala momwemo atayifunditsa nsalu, chifukwa panalibe amene anali ndi mtima woichotsa.

Papita miyezi, dotolo wa mano wina, kasitomala wakale amene ankaliza simfoni pozula anthu mano, anakakamira kuti amusankhire. A Makutu anakana, anakananso, kenaka anagonja. Masana ena analowa m'chipindamo, anapepesa kwa wodwalayo, n'kuyatsa motsitsa kwambiri. Nyimbo itapita pang'ono anamva kaphokoso komwe sikanali pa chimbale: go, go, go-go, go. Anayang'ana kuseri kwa sipika poganiza kuti sikuluwu yakhwepa. Anayang'ana pansi pa tebulo poganiza khoswe. Atatembenuka, anaona kuti dzanja lamanzere la akulu awo lagwera m'mphepete mwa bedi, ndipo chala cha mkombaphala chikugogoda thabwa, chikuyenda limodzi ndi nyimbo. Thupi lonse linali zii, nkhope osasintha, maso kudenga. Chala chokhacho ndiye chinkagwira ntchito, ngati kanyama kena kamene kalowa m'bedimo.

A Makutu anachita mantha poyamba, ndipo sanabise. Koma manja awo, ozolowera ntchito, anachotsa chimbalecho n'kuikapo chinzake cha nyimbo yomweyo. Chala chinamvera pang'ono, kenaka chinapinda, n'kuyamba kukanda thabwa ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, monyansidwa. A Makutu anakhala pansi n'kulira. Kukanda kumeneko anakuzindikira: kunali kutsonya kwa akulu awo.

Kuyambira pamenepo ntchito inabwerera mwakale. Kasitomala akasiya zimbale, a Makutu ankati akafunsa kaye, ndipo anthu ankayesa kuti ndi nthabwala ya munthu wodzikonda. Madzulo aliwonse, dzuwa lisanalowe, ankatseka kachipinda kawo n'kukakhala pakati pa masipika, makutu ku holo, maso ku chala. Chikagogoda ndiye kuti oyimba ayimba, chikakanda ndiye kuti achita manyazi. Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma ichi chinkaswa magulu athunthu a anthu ovala majekete akuda. A Makutu ankachiyankha, kuchinyoza kuti chimakonda zakale, nthawi zina kuchipempha kuti chimvenso kachiwiri. Zaka zimenezo anali osangalala kuposa mmene munthu wokhala ndi wodwala m'nyumba amayenera kuonekera.

Alamu awo sankazikonda. Ndiwo ankasambitsa, kudyetsa, kutembenuza ndi kuchapa, ndipo kwa iwo chalacho sichinagogodepo ngakhale kamodzi. Ankati chikayamba, zimakhala ngati munthu akugogoda ali mkati mwa nyumba yokhoma, makiyi atatayika. Powenga zikhadabo za amuna awo, chala chimenecho ankachisiya komaliza, ndipo ankachigwira atayang'ana kumbali.

Zachilendo zinayamba pang'onopang'ono, ndipo sizinayambire m'chipindamo. A Makutu anaona kuti tauni ikunka nikhala chete. Timbalame tokhala pa waya wamagetsi pafupi ndi siteji ya basi tinkayasamula milomo, timakosi tikugwedera, koma osatulutsa kanthu. Anaima n'kutiyang'anitsitsa, n'kudziuza kuti mwina ndi utsi wa magalimoto watitseka pakhosi. Ketulo ya kunyumba inasiya kuyimba mluzu, inkangofuka nthunzi, ndipo anadandaulira alamu awo kuti zinthu za masiku ano n'zosalimba. Alamuwo anangowayang'ana, n'kukaiphula. Mpukutu wa makiyi nawo unasiya kulira m'thumba. A Makutu anaimba mlandu utsi, mafakitale ndi zitsulo zotchipa, ndipo mlandu unathera pamenepo.

Nthawi yomweyo dotolo wa mano uja anabwera ndi chimbale chatsopano, akumwetulira mano onse panja monga mwa ntchito yake. Inali simfoni imene akulu awo ankaikonda kuposa zonse, gulu lomwelo, kujambula komweko kwa kalekale, koma kampani inaitulutsanso itachapa mawu ake, n'kunena kuti kuthetheka konse kwachoka. Chimbale chakale cha nyimboyo chinalimo m'nyumbamo, ndipo chala chinkachigogodera mpaka thabwa kumveka pakhonde. A Makutu anaika chatsopanocho mtima uli m'malo. Anatsinzina, anamva zonse zili zosalala, holo ikupuma bwino. Atatsegula maso anapeza chala chikukanda.

Anaganiza kuti mwina wodwalayo watopa. Mawa lake anabwereza, chinakandanso. Mkuja wake chinakanda mwamphamvu mpaka chikhadabo kusiya timizere toyera pathabwa. Oyimba anali omwewo, wakandodo yemweyo, tsiku lojambula lomwelo, ndipo a Makutu anawerenga chikuto cha chimbalecho kutsogolo ndi kumbuyo kuti atsimikize. Kenaka chala chinayamba kukana zimbale zinanso zimene iwo anaziona kuti zilibe banga, za magulu amene kale chinkawalemekeza. Makasitomala anayamba kudikira mayankho osabwera.

Mmisiri ali ndi kaganizidwe kake, ndipo nthawi zina kamamupweteka. Pa benchi yawo, chida chopereka mayankho awiri pa funso limodzi chinali chakufa, chotaya. Ganizo limeneli linawalowa a Makutu ngati njenjete m'nsalu. Bwanji ngati zaka zonsezi chalacho chinkangonjenjemera mwa icho chokha, iwo n'kumachiikira mawu m'kamwa? Bwanji ngati ankakangana ndi mtsempha? Anasunga zimenezi mumtima mpaka zinawalemera. Masana ena, akuthandiza alamu awo kusintha nsalu za pabedi, wina mbali iyi wina mbali iyo, wodwalayo ali pakati, anatsitsa mawu n'kunong'ona.

"Alamu, mwina ndakhala ndikudzinamiza. Mwina m'menemu mulibenso munthu."

Alamuwo anaima nsalu ili m'manja. Nawonso ananong'ona, misozi ili m'maso.

"Ine ndatopa, alamu. Msana wanga watha. Masiku ena ndimapempha kuti Mulungu angowatenga akapume."

Anamaliza kuyala, anamukonzera wodwalayo pilo, n'kutuluka. Madzulo ake alamuwo anaimbira foni mwana wawo.

Mwanayo, telala uja, anafika ndi kachikwama kamodzi ndi nkhope ya munthu amene waganiza kale. Sanali woipa mtima. Anaona mayi ake akuyenda chogwira khoma, akulephera kunyamula ndowa ya madzi, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anali atapeza malo kunyumba yosamalira odwala okhalitsa, kutali ndithu, koma kwaukhondo, kokhala ndi anamwino odziwa kunyamula munthu osathyoka msana. Zonsezi anazifotokoza ataima kumiyendo kwa bedi, monong'ona, monga amachitira anthu aulemu m'chipinda cha wodwala. Anati galimoto ibwera kumapeto kwa sabata. Anawonjezera, mosafuna kulasa, kuti ngakhale bambo aang'ono omwe avomereza kuti chala chija n'chabe.

Madzi akatayika saoleka. A Makutu anafunsa ngati kumeneko amalola galamafoni, ndipo yankho linali lodziwikiratu: chipinda n'cha anthu ambiri, mabedi ondondozana, wailesi ya kanema ili pakhoma. Apa ndiye mantha enieni anawagwira. Ngati m'thupimo mulibe munthu, palibe chotayika. Koma ngati alimo, ndiye kuti akumuchotsa pa khomo lokhalo limene amagogodapo, ndipo womupereka ndi mng'ono wake, ndi pakamwa pake. Masiku otsalawo sanagwire ntchito yooneka. Ankakhala pansi pa masitepe chitsulo chosungunulira mtovu chikuzizira m'manja, mpaka wosoka nsapato anasuzumira kufunsa ngati kunyumba kwagwa zovuta.

Kutatsala tsiku limodzi, anamupempha mwanayo kuti ayese kamodzi kokha pamaso pake. Telalayo anavomera chifukwa cha ulemu, koma anaika malamulo ake. Anati iye amaganiza kuti chalacho chimangogwedezeka ndi kunjenjemera kwa masipika kodzera pansi, kapena chimatsatira phazi la bambo aang'ono, amene amaponda pansi akamamvera osadziwa. Choncho chimbale asankha iye, ndipo bambo aang'ono aime chilili, mapazi pamodzi, atafulatira bedi.

Anali masana otentha. Katani anali wotseka, ndipo kuwala kunkalowa kofiirira. M'chipindamo munkamveka fungo la sopo ndi mafuta opaka odwala. Alamu anakhala pampando pafupi ndi galamafoni, manja pamiyendo. Telalayo anayendetsa chala pa mzere wa zimbale, n'kusolola chimodzi chakale chachikuto chong'ambika, osayang'ana n'komwe dzina lake. A Makutu anachipukuta, anachiika, anatsitsa singano mawu ali pansi monga mwa masiku onse, n'kutambasula dzanja kuti akweze.

Go. Go. Go-go, go.

Telalayo anawagwira pamkono.

"Dikirani, bambo aang'ono. Musakweze."

Anaima choncho. Masipika anali duu. Kumbuyo kwawo thabwa la bedi linkalira.

"Mwaona?" anatero mwanayo mofatsa, ngati wopepesa. "Nyimbo kulibe, koma chikugunda. Ndi mitsempha chabe. Pepani."

Mlandu unali utawagomera a Makutu, ndipo anayenera kungozimitsa n'kutuluka. Koma anali atafulatira bedi, ndipo chimene chinali patsogolo pawo ndi chimbale chikuzungulira. Munthu amene wagwira zimbale moyo wake wonse amaziwerenga ndi maso: pamene timizere tili tosalala ndi tonyezimira, oyimba ali pansipansi, pamene tili tokhakhala, gulu lonse ladzuka. Singano inali pa tosalala, ndipo kugogoda kunali kofewa. Inayandikira pokhakhala, kugogoda kunakula, kunafulumira, mpaka thabwa linkachita kunjenjemera. Singano itabwerera ponyezimira, nakonso kunatsika.

M'chipindamo munali chete ngati kumanda, koma munthu wogona kumbuyo kwawo, amene sakanatha kuona chimbalecho, ankayenda nacho mzere ndi mzere. Anadikira. Singano inatsetserekera pa kamzere kopanda kanthu kolekanitsa chigawo ndi chigawo. Chala chinaima. Chimbale chinazungulira, chinazunguliranso. Singano italowa m'chigawo chachiwiri, chala chinayambanso, tsopano pang'onopang'ono, ndi kayendedwe kena.

Zimene zinabwera m'mutu mwa a Makutu sizinali za mmisiri. Anaganiza kuti akulu awo anawoloka kale, ndipo akumva nyimbo kumene amoyo saimva. Anaganiza kuti chimene chakhala chikuwayankha zaka zonsezi sichinali cha dziko lino. Anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Akutsatira chimbale," anatero ndi mawu osasa. "Taonani singano. Akumva chiyani muno muli zii?"

Alamu awo anawayang'ana modabwa.

"Zii bwanji, alamu? Si ikuyimba iyi?"

"Chikuyimba n'chiyani?"

"Singanoyo. Imayimba nthawi zonse musanakweze, ngati udzudzu uli kuseri kwa neti. Ine ndimayesa mukudziwa."

Telalayo anasiya mkono wawo, anagwira mpweya, n'kupendeketsa mutu. Nkhope yake inasintha. Anati akuimva, kutalitali, timavayolini tating'ono ngati ta nyerere, ndipo anayamba kugwedeza mutu mogwirizana ndi chala cha bambo ake.

A Makutu ankadziwa, ndipo kudziwako ndiko kunawapweteka. Singano iliyonse imalira payokha ikamayenda m'timizere, ngakhale masipika atazimitsidwa. Iwo omwe ankauza makasitomala zimenezi, ndipo kale ankatha kudziwa singano yotha pomvera kulira komweko ali pakhomo. Sanakumbuke kuti anasiya liti kukumva. Anawerama mpaka khutu linatsala pang'ono kukhudza chimbale. Anatembenuza khutu linalo. Anamva kugogoda kwa thabwa, anamva mtima wawo, anamva galimoto ikudutsa kumsewu. Kwa singano kunalibe kanthu.

"Mukuimva, bambo aang'ono?" anafunsa mwanayo.

Bodza linali pafupi, ndipo palibe akanawagwira. Dzina lawo, benchi yawo ndi ulemu wawo wonse zinali pa makutu amenewo. Anaweramuka pang'onopang'ono.

"Ayi, mwanangu. Sindikumva kanthu."

Kenaka anafunsa alamu awo za chimbale chatsopano cha dotolo chija, kuti iwo ankachimva bwanji. Alamuwo anazengereza, poti sanazolowere kufunsidwa za nyimbo m'nyumba imeneyo. Anati chimenecho chikafika pokwera chimalira ngati mpeni pa mbale yachitsulo, moti iwo ankathawira panja kukaanula zovala, ndipo zinalipo zinanso zingapo zotero. Ankayesa kuti ndi mmene nyimbozo zimayenera kukhalira.

A Makutu anatembenuka n'kuyang'ana bedi, lamulo la mwana uja ataliiwala. Chala sichinapereke mayankho awiri pa funso limodzi. Pa chimbale chakale chinkayamikira oyimba. Pa chatsopano chinkakana mawu owonongeka, mawu osongoka a pamwamba amene iwo anali atasiya kuwamva. Akulu awo anazindikira msanga kuti makutu a mng'ono wawo akutha, ndipo posowa pakamwa ponenera, anangosenza ntchito zonse ziwiri pa chala chimodzi, kuti chimbale choipa chisatuluke m'nyumbamo ndi dzina la a Makutu. Iwo, powathokoza, anawayesa chida chakufa.

Telalayo ndiye anayamba kunena chimene onse anali asanachiganize.

"Amayi," anatero, "ngati akumva singano ali apo..."

Sanamalize. Alamu anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, n'kutsetsereka pampando mpaka kukhala pansi. Bedi linali mbali ina ya chipinda, singano mbali ina. Munthu womva kulira kwa singano kuchokera pamenepo sakanaphonya kunong'ona kwa anthu awiri oyala nsalu pamwamba pake, ngakhale kwa mwana wake woima kumiyendo kwake akutchula tsiku la galimoto. Anamva zoti mulibe munthu. Anamva pemphero la mkazi wake. Anamva zonse, tsiku ndi tsiku, ali gone, ndipo madzulo aliwonse ankagwirabe ntchito.

Onse atatu anayang'ana nkhopeyo. Inali momwe inalili, pakamwa popotoka, maso kudenga, osakwiya, osakhululuka. Zikanakhala bwino ikanasintha pang'ono. A Makutu anachita manyazi amene sanawachitepo chibadwire, ndipo pansi pa manyaziwo panali mantha, chifukwa chipinda chimene ankachiyesa cha anthu atatu ndi bedi chinali cha anthu anayi nthawi yonseyi.

Telalayo anagwada pambali pa bedi. Sananong'onenso. Analankhula ndi mawu a masana.

"Bambo, simupita kulikonse. Ndikatenga makina anga osokera, ndizidzasokera konkuno. Tizikunyamulani awiri ndi amayi."

Chala sichinayankhe. Chinali pakati pa nyimbo, ndipo chinapitiriza kugogoda mwa kayendedwe kake, osafulumira, osaphonya. Alamu ankalira mwakachetechete pansi paja. Mwanayo anayang'ana bambo ake aang'ono n'kuloza chokwezera mawu, koma iwo anapukusa mutu. Anthu atatu m'chipindamo ankaimva kale nyimboyo, ndipo kukweza kukanakhala kwa iwo okha.

A Makutu anakhala m'mphepete mwa bedi, pafupi ndi dzanja lamanzere. Mawu opepesa anali pakamwa, koma akulu awo sankalola munthu kulankhula nyimbo isanathe, ndipo a Makutu anaona kuti lero silinali tsiku lowaphwanyira lamulo. Anapinda manja n'kudikira. Kugogoda kunakwera, kunatsika, kunakweranso kwa nthawi yaitali, kenaka kunagunda mwamphamvu, kunagundanso, ndipo chala chinagona pathabwa. Pamenepo a Makutu anadziwa kuti nyimbo yatha, ndipo ananyamuka kukachotsa singano.